Phunziro la za Chilengedwe: Chimene Chiletsa Madzi a Matope Kudikha

Amene anayendapo pa sitima ya Ilala kuchokera ku Nkhata Bay kulowera kumpoto adziwa kuti sitimayo ikapitirira Usisya ifika pa mudzi wa Ruarwe, umene uli pa gombe lopapatiza patsinde pa mapiri otsetsereka. Nyanja ya kumeneko njoyera ngati galasi, ndipo m'dera lomwelo ndimo muli malo akuya koposa m'nyanja yonse ya Malawi, pafupi mamita 700. Koma mvula ikagwa kumapiri, timitsinje titsika ndi liwiro titasenza dothi la m'minda ya chinangwa, ndipo m'mbali mwa nyanja, pamene amai atunga madzi, pamadza mzere wofiirira. Mai atunga ndowa yake, aiika pakhonde, nadikira. Mchenga umira nthawi yomweyo. Pofika madzulo matope okhuthala akhala pansi. Koma madzi a pamwamba akhalabe otuwa ngati athiramo ufa, ndipo m'mawa mwake ali chimodzimodzi.

Kodi nchiyani chigwira dothi limeneli kuti lisamire, pamene tidziwa kuti dothi lilemera koposa madzi? Funso limeneli si la ana a sukulu okha iai. M'zaka za 2022 ndi 2023 nthenda ya kolera inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma la Nkhata Bay linali limodzi mwa maboma amene nthendayi inasautsa kwambiri, makamaka m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Mankhwala a klorini amene alangizi a zaumoyo atipatsa agwira ntchito bwino m'madzi oyera, koma m'madzi obvunduka mphamvu yao ichepa. Tsono amene adziwa chifukwa chake matope sadikha angathenso kudziwa kuwadikhitsa. Yankho lake lili pa malo ochepetsetsa, ndiwo nembanemba ya madzi imene ikhala pakati pa timibulu tiwiri ta dongo pamene tayandikana.

Kuchepa kwa timibulu ta dongo

Tiyambe ndi muyeso. Tengani rula, muyang'ane milimita imodzi, ndiko kampata kochepa koposa tonse pa rulapo. Akatswiri agawa milimita imeneyi m'magawo 1,000,000, ndipo gawo limodzi alitcha nanomita. Tsitsi limodzi la munthu kunenepa kwake kuli pakati pa mananomita 50,000 ndi 100,000. Kambulu ka dongo kamene katuwitsa madzi kali ndi mananomita 1,000 kapena kucheperapo, ndipo kachirombo ka kolera kali pa msinkhu wonga womwewo. Molekyulu ya madzi, ndiko kagawo komaliza kamene sikangagawikenso nkukhalabe madzi, sifika ngakhale theka la nanomita imodzi.

M'chaka cha 1851 George Stokes wa ku Cambridge anaonetsa ndi masamu kuti pa tinthu ting'onoting'ono totere, kanthu kakachepa kakhumi kamira mochedwa kazana. Tiyese ndi ndowa yakuya masentimita 30. Kambulu ka mchenga wosalala, ka mananomita 100,000, kafika pansi mphindi imodzi isanathe. Ka mananomita 10,000 kafuna pafupi ola limodzi. Ka mananomita 1,000 kafuna masiku anai. Ka mananomita 100 kafuna chaka chathunthu. Ndiponso madzi a m'ndowa sakhala chete monga tiganizira: kutentha kwa usana kuwayendetsa, ndipo mamolekyulu a madzi agunda timibulu mbali zonse kosaleka. Chotero kambulu ka dongo kakakhala kokha, tinganene kuti sikadzamira konse pa nthawi imene mai angathe kudikira.

Njira ndi imodzi yokha: timibulu tigwirane tambirimbiri, tikhale chibulumwa, pakuti chibulumwa chimira msanga ngati mchenga. Ndipo apa ndipo pali chozizwitsa. Dongo nlomata, amai aumba nalo mbiya. M'ndowamo timibulu take tikumana kawirikawiri. Nanga tilekeranji kugwirana?

Tiphunzire kwa thobvu la sopo

Nembanemba ya pakati pa timibulu sitingathe kuiona ndi maso, koma ilipo inzake imene mwana aliyense aidziwa. Sungunulani sopo m'madzi, mutenge phesi la tsamba la papaya, mulibviike ndi kuuzira monga achitira ana. Thobvu limene lituluka ndi madzi opyapyala otsekeredwa pakati pa mpweya wa mkati ndi mpweya wa kunja. Liyang'aneni pa kuwala. Mudzaona mitundu yonga ya utawaleza ilikuyenda, pakuti madzi alikutsika ndipo nembanemba ilikupyapyala. Mitunduyo ioneka pamene kunenepa kwake kuli mananomita mazana angapo. Kenaka pamwamba pa thobvulo paoneka timadontho takuda. Robert Hooke anationa ku London m'chaka cha 1672 natiyesa mabowo, ndipo Isaac Newton analemba za timadontho tomweti m'buku lake lotchedwa Opticks la m'chaka cha 1704. Si mabowo iai. Ndi malo amene nembanemba yapyapyala kufikira mananomita makumi angapo, pena asanu okha, kotero kuti sibwezanso kuwala kokwanira kuti diso likuone.

Chimene tifuna muchisunge ndi ichi: pamenepo kupyapyala kuima. Thobvu la mwana liphulika chifukwa cha mphepo, pfumbi ndi kuuma. Koma James Dewar, katswiri wa ku London, anasunga thobvu m'chotengera chotseka bwino kwa miyezi yoposa itatu. Pali china chake m'kati mwa nembanembayo chimene chikana kuti nkhope zake ziwiri zikhudzane.

Amene anayamba kuyesa mphamvu imeneyi ndi Boris Derjaguin wa ku Moscow, m'zaka za m'ma 1930. Iye ndi anzake anakanikiza kathobvu ka mpweya pa galasi m'kati mwa madzi, napeza kuti pakati pa kathobvuko ndi galasi patsala madzi opyapyala amene satuluka. Akakanikiza kwambiri madziwo apyapyala pang'ono, naimanso. Dzina limene Derjaguin anaipatsa m'Chirasha lichokera ku kamtengo kosongoka kamene munthu akhomera mu mng'alu wa chipika kuti chitseguke. Pa Chingerezi aitcha disjoining pressure. Ife tiitche mphamvu yolekanitsa.

Mphamvu ziwiri zolimbana

M'nembanemba yotere mulimbana mphamvu ziwiri. Yoyamba njokoka. M'chaka cha 1873 Johannes van der Waals wa ku Leiden, m'dziko la Holland, anaonetsa kuti mamolekyulu onse akokana akayandikana. Fritz London anafotokoza gwero la kukokana kumeneku m'chaka cha 1930, ndipo Hamaker, wa ku Holland komweko, anawerengera m'chaka cha 1937 kukula kwake pakati pa timibulu tiwiri. Ndi mphamvu yomwe ithandiza nalimata kuyenda pa khoma losalala osagwa. Koma mkono wake ngwaufupi: patali njofooka, ndipo ilimba kwenikweni pamene mpata watsala mananomita owerengeka okha. Ikanakhala yokha, matope onse akanagwirana ndi kumira msanga, ndipo thobvu likanaphulika lisanachoke pa phesi.

Yachiwiri njokankha, ndipo ichokera ku nyesi. Pakani chipeso cha pulasitiki pa tsitsi louma, muchiyandikize ku timapepala: timapepalato tidumphira ku chipeso. Imeneyo ndiyo nyesi. Ili ya mitundu iwiri, imene akatswiri ailemba ndi zizindikiro za m'masamu, yophatikiza ndi yochotsera. Zinthu za nyesi yosiyana zikokana. Za nyesi yofanana zikankhana. Timibulu ta dongo, chifukwa cha mapangidwe ake a dongolo, tili ndi nyesi yochotsera pa nkhope zao. Tizirombo tambiri ta m'madzi tili nayonso yomweyo. Sopo nayenso afola pa nkhope zonse ziwiri za thobvu, mitu yake ya nyesi yochotsera italoza m'madzi.

Tsono madzi ali onse a pa dziko ali ndi mchere wosungunuka, wochuluka kapena wochepa, ndipo mchere ukasungunuka ugawika m'timagawo tokhala ndi nyesi, timene atitcha maayoni. Maayoni a nyesi yophatikiza akokedwa ndi kambulu ka dongo, koma pokhala kuti madzi awagwedeza kosaleka, sakhazikika pa nkhope pake onse. Azungulira kambuluko ngati mtambo wa nkhungu umene tiuona ukufuka pa nyanja, wothinana pakati ndi wopepuka m'mbali. Kambulu kali konse kayenda ndi mtambo wake.

Timibulu tiwiri tikayandikana, mitambo yao ilowana, ndipo pa mpatapo maayoni athinana koposa m'madzi ena onse a m'ndowa. Inu asodzi mudziwa kuti mchere ukoka madzi: muupaka pa nsomba, ndipo posachedwa nsombayo ituluka madzi. Chimodzimodzi pano. Madzi a m'mbali akokedwa kulowa pa mpata pamene maayoni athinana, ndipo polowapo akankha timibuluto kuti tibwerere. Timibulu tiwiri tija sitikhudzana konse. Tibwezana tikali kutali mananomita khumi kapena makumi awiri.

Amene anaphatikiza mphamvu ziwirizi m'masamu amodzi ndi Derjaguin yemwe uja pamodzi ndi Lev Landau m'chaka cha 1941, pakati pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ku Eindhoven, Evert Verwey ndi Theo Overbeek anafika pa nzeru yomweyo paokha, natulutsa buku lao m'chaka cha 1948. Nchifukwa chake chiphunzitsochi chitchedwa ndi malemba oyamba a maina ao anai, DLVO. Tingachifanizire ndi ulendo wa munthu wochokera ku gombe amene afuna kufika ku chigwa cha kuseri kwa phiri. Akayamba kukwera, phiri limbweza. Akalephera pakati, atsikira komwe anachokera. Koma akangofika pamwamba, mtsetse umtenga, ndipo sabwereranso. Phirilo ndilo mphamvu yokankha ya mitambo. Chigwa cha kuseri ndicho mphamvu yokoka ya van der Waals. M'madzi a mvula ndi a m'mitsinje yathu phirilo nlalitali, ndipo timibulu tambiri tilephera kulikwera.

Wina angati: zonsezi ndi masamu a pa pepala, anaziona ndani? Funsolo nlabwino, ndipo akatswiri eni ake anakhala nalo zaka zambiri. M'chaka cha 1978, ku Canberra m'dziko la Australia, Jacob Israelachvili ndi mnzake Adams anatenga mapepala awiri a mwala wonyezimira wosendeka wotchedwa mica, umene upezekanso ku Mzimba, nawayandikizitsa m'madzi a mchere nanomita ndi nanomita, akuyesa mphamvu ya pakati pao. Anapeza kuti masamu aja anena zoona. Pa mananomita awiri omaliza okha ndipo paoneka mphamvu zina zimene anthu anai aja sanaziwerengere, pakuti pamenepo mamolekyulu a madzi eni ake afola m'mizere ndi kukana kuchoka.

Kugwetsa phiri

Mphamvu yokoka sitingathe kuisintha kwenikweni. Koma yokankha isinthika, ndipo apa ndipo pali phindu la phunziro lino.

Mchere ukachuluka m'madzi onse, mtambo wa kambulu ufupika, chifukwa maayoni okwanira kuphimba nyesi ya dongo apezeka pafupi pomwepo. M'madzi okhala ndi mchere wa m'nyumba wochepa, gramu imodzi pa malita 17, mtambo ufika mananomita 10. M'nyanja zazikulu za mchere, mmene muli magramu 35 pa lita imodzi, mtambowo sufika ngakhale nanomita imodzi. Pamenepo timibulu tiyandikana kufikira mphamvu yokoka itigwira. Nchifukwa chake mtsinje wa Zambezi, umene ulandira madzi a Shire, ukakumana ndi madzi a mchere cha ku Chinde, dongo lake ligwirana ndi kumira. Koma mchere wonse wa m'nyanja yathu sufika ngakhale theka la gramu pa lita, kotero kuti dongo la m'timitsinje ta ku Ruarwe lilowa m'nyanja mitambo yake ikali yotakata ndithu.

Musati tsono muzithira mchere m'ndowa ya madzi akumwa. Ungafunike wochuluka kotero kuti madziwo sangamweke. Pali njira yoposa imeneyo. M'chaka cha 1882 Hans Schulze, ndipo m'chaka cha 1900 William Hardy, anapeza kuti maayoni sali ofanana mphamvu. Ayoni ya mu mchere wa m'nyumba isenza muyeso umodzi wa nyesi; ya mu laimu isenza iwiri; ya aluminiyamu isenza itatu. Munthu angayese kuti ya itatu iposa ya umodzi katatu. Si choncho: masamu a DLVO aonetsa kuti ya iwiri ingathe kuposa ka 64, ndipo ya itatu ka 729. Pa chifukwa chimenechi malo oyeretsera madzi a m'mipopi athira alamu, mankhwala okhala ndi aluminiyamu, ndipo pang'ono pokha pakwanira madzi ambiri. Tinene zonse: alamu achitanso ntchito ina, pakuti m'madzi asanduka timaphala tofewa tonga thonje, timene potsika tikokolola dongo ngati khoka.

Ku mudzi wonga Ruarwe, kumene katundu wambiri afika ndi boti, alamu sapezeka wamba. Koma ulipo mtengo umene umera bwino m'malo otentha a m'mbali mwa nyanja ndi ku chigwa cha Shire, ndiwo cham'mwamba, umene ena autcha moringa. Njere zake zili ndi chakudya cha mtundu wa puloteni chokhala ndi nyesi yophatikiza. Chimenechi chimamatira pa dongo, chizima nyesi yake yochotsera, ndipo mtambo ukachoka phiri lija ligwa. Nzeruyi sinayambire ku sukulu. Amai a m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Nile ku Sudan anali kuchita zimenezi kale, ndipo katswiri wina wamkazi, Samia Al Azharia Jahn, anaphunzira kwa iwo nazilemba m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Kuno kwathu, m'chaka cha 1994, akatswiri a ku yunivesite ya Leicester pamodzi ndi a ku Polytechnic ya ku Blantyre anayesa ufa wa njerezi m'malo mwa alamu pa malo oyeretsera madzi a ku Thyolo, m'nyengo ya mvula, ndipo madzi ofiira a mumtsinje anatuluka oyera monga atulukira ndi alamu.

Kachitidwe kake

Tengani njere zokhwima, za m'zitheba zimene zaumira mu mtengo. Chotsani khungu, mutsale ndi mtima woyera; wakuda kapena wofumbwa tayani. Pa ndowa ya malita 20 muyambe ndi njere 10 ngati madzi ali otuwa chabe, ndi 20 ngati ali ofiira kwambiri. Sinjani zikhale ufa wosalala, muthire ufawo m'botolo ndi kapu imodzi ya madzi oyera, mugwedeze mphindi zingapo, ndipo musefe ndi nsalu yochapa bwino polowetsa m'ndowa. Takasani msanga mphindi ziwiri kuti mankhwala afike ponse. Kenaka takasani pang'onopang'ono mphindi khumi. Ambiri alakwa pamenepa: aganiza kuti kutakasa ndi mphamvu ndiko kuthandiza, koma zibulumwa zimene zilikupangika nzosalimba, ndipo mthiko waukali uziphwanya. Kutakasa kwa pang'onopang'ono nkongoti timibulu tikumane. Mukatero isiyeni ndowa osaigwedeza ola limodzi kapena awiri.

Musachulutse njere poganiza kuti madzi ayera koposa. Ufa ukapyola muyeso, dongo lonse likutidwa ndi nyesi yophatikiza, timibulu tiyambanso kukankhana, ndipo phiri limene munagwetsa limeranso. Ngati madzi sanayere, yesani tsiku lina ndi njere zocheperapo musanayese zochulukirapo, pakuti dongo la mtsinje uli wonse lili ndi muyeso wake.

Madzi akadikha, tsanulirani a pamwamba pang'onopang'ono mu mtsuko wina woyera, ndipo muleke musanafike pa matope. Matopewo ndimo mwasonkhana tizirombo tambiri. Musawataye pa bwalo pamene ana asewera kapena pa gombe, koma m'chimbudzi kapena m'dzenje.

Tsono imvani bwino, pakuti apa ndipo ife tili ndi mantha. Madzi ofiira munthu awakaikira yekha. Madzi oyera m'maso awakhulupirira, ndipo amwetsa khanda osaganiza. Cham'mwamba ndi alamu sizipha tizirombo tonse. Zitsitsa tambiri pansi pamodzi ndi dongo, koma totsalato tingathe kudwalitsa. Ntchito ya kudikhitsa njokonzera klorini njira, popeza m'madzi a matope klorini wambiri athera pa zinyalala, ndipo tizirombo tina tibisala m'kati mwa zibulumwa. Chifukwa chake, mutatsanula, thirani klorini monga mwa muyeso umene mlangizi wa zaumoyo wakuuzani, mudikire mphindi 30; kapena wiritsani madziwo kufikira abwadamuke. Madzi odikhitsidwa ndi njere amweke tsiku lomwelo, chifukwa ufa wotsalira m'madzimo ndi chakudya cha tizirombo tina tikakhalitsa. Ndipo ufa wonyowa musausungire mawa.

Inu aphunzitsi, pamene anthu asonkhana mungathe kuwaonetsa zonsezi ndi mabotolo atatu oonekera mkati, a theka la lita. Dzazani onse ndi madzi a matope a mu mtsinje umodzi, amene mwayamba mwawasiya kuti mchenga umire. Loyamba lisiyeni chomwecho. M'lachiwiri thirani supuni yaikulu ya mchere. M'lachitatu thirani ufa wa theka la njere ya cham'mwamba, wosungunula kale m'madzi pang'ono. Gwedezani onse mofanana, muwaike pa mthunzi pamene anthu awaona, ndipo mupitirize ndi zokambirana zanu. Pakutha pa msonkhano loyamba lidzakhala likali lotuwa, pamene m'ena awiriwo matope adzakhala atayamba kusonkhana pansi. Ana adzafuna kulawa lachitatu pakuona kuyera kwake. Musawalole kufikira mutathiramo klorini pamaso pao ndi kuwerenga nao mphindi 30.